Mpunga woyoyoka umayambira padwale

Alimi anzanga, miyezi ya May ndi June ikafika, anthu a ku Karonga, Nkhotakota ndi m'madambo a nyanja ya Chilwa amakhala ali kalikiliki kumweta mpunga. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mpunga womwewo, umene mlimi wauvutikira miyezi inayi kapena isanu m'matope, umafika patebulo utasanduka phala. Amayi ogulitsa chakudya pamsika akudziwa bwino kuti wogula akadya mpunga wonandana lero, mawa amakalowa pa mnzawo.

Vuto limayambira pouma. Mpunga ukamwetedwa mochedwa, kapena ukasiyidwa padwale dzuwa likuswa mtengo tsiku lonse osautembenuza, njere zimang'aluka mkati. Kuchigayo zimasweka, ndipo mpunga wosweka umatulutsa ufa wambiri umene umamata pophika. Mtengo wakenso umatsika. Choncho yanikani mosaunjika, muzitembenuza, ndipo musalole kuti mame kapena mvula zinyowetse mpunga wouma kale.

Tsopano kukhitchini. Petani palichero ndi kutola timiyala. Tsukani kawiri kapena katatu mpaka madzi ayere, chifukwa madzi oyera mbee ajawo ndi ufa womata uja. Ine ndimayeza kapu imodzi ya mpunga ku makapu awiri a madzi ngati mpunga wagonera chaka. Wa chaka chomwechi sulira madzi ambiri, kapu imodzi ndi theka ikukwana. Kilombero, amene amatchuka ndi fungo lake, amafewa msanga, ndiye musamumize. Yezani ndi kapu imodzimodzi, osati mpunga ndi chitini, madzi ndi diso.

Wiritsani madzi, thirani mchere ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira, kenaka mpunga. Vundulani kamodzi kokha. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poti dzanja linazolowera mthiko wa nsima. Mpunga suvundulidwa. Madzi akaphwa n'kuoneka timaenje pamwamba, chotsani nkhuni zoyaka, musiye makala ochepa pansi, vindikirani bwino ndipo ikani makala ena pachivindikiro. Moto wapamwambawu ndi umene umaumitsa mpunga popanda kupsereza pansi. Dikirani mphindi 15 osavundukula, phulani, ndipo mupatseni mphindi zina 10 musanapakule. Nkhoko ikapezeka pang'ono musadandaule, ana amailimbirana.

Pilawu, amene abale athu a ku Mangochi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja amaphika pa zikondwerero, ndi chakudya chotchuka kwambiri pakati pa Aswahili a ku Tanzania ndi Kenya. Kumeneko amathira zokometsera zambirimbiri, koma pakhomo mutha kuyamba ndi zimene zili padimba. Phikani kaye nyama ya mbuzi kapena nkhuku mpaka ifewe, ndipo msuzi wake musataye. Mupoto wina kazingani anyezi awiri pamoto wodekha mpaka afiire kwambiri koma osapserera. Musafulumire, pakuti mtundu ndi kukoma kwa pilawu kumachokera mu anyezi ameneyu. Onjezani adyo wosinja, jinja, kabinzali pang'ono, tomato mmodzi ndi nyama ija. Tomato akachuluka mpunga umanyowa, ndiye ine ndimakana kupyola mmodzi pa makapu awiri a mpunga.

Thirani mpunga wotsuka wokhetsa madzi, muukazinge pamodzi ndi zonsezo kwa mphindi ziwiri kuti njere iliyonse ivale mafuta. Kenaka thirani msuzi wotentha, muyeso wake ndi womwe uja wa madzi. Lawani mchere tsopano, chifukwa mukavindikira mwayi watha. Amene muli ndi nsawawa kapena kaloti ponyanimo madzi akayamba kuphwa, n'kumaliza ndi makala pachivindikiro. Makapu atatu a mpunga ndi theka la kilogalamu ya nyama zimadyetsa anthu asanu ndi mmodzi, makamaka pakakhala kabichi wokazinga pambali.