Mukufuna kuweta mbuna m'galasi? Dziwani kaye chakudya chake ndi anzake ogona nawo

Pa TikTok ndi pa Facebook pamayenda timavidiyo ta nsomba zachikasu, zabuluu ndi zamizeremizere zikusambira m'thanki ya galasi pa balaza la munthu ku Germany kapena ku America. Pansi pake amalemba kuti "Malawi cichlids". Amangwetu, nsomba zimenezo ndi mbuna zathu zomwe zija za m'miyala ya ku Cape Maclear, zoti ife a kuno kwa Chowe tingakazione tsiku lomwelo titatsika phiri n'kukwera minibasi pa boma. Ambiri mwakhala mukufunsa ngati n'zotheka kuweta. N'zotheka, koma mbuna si nkhuku yoti muiwazira chilichonse, ndiponso siigona ndi aliyense.

Kuti mumvetse kadyedwe kake, ganizirani komwe imakhala. Mbuna si nsomba ya pakati pa nyanja ngati usipa kapena utaka. Imakhala m'miyala, ndipo ntchito yake tsiku lonse ndi kupala ndere zomera pa miyalapo, pamodzi ndi tizilombo tating'onoting'ono tobisala m'nderemo. Tinene kuti ndi mbuzi ya m'madzi. Matumbo a mitundu yambiri ya mbuna ndi aatali, opangidwira kugaya zamasamba pang'onopang'ono. Ndiye inu mukamaiponyera nyama, nyongolotsi kapena zidutswa za usipa tsiku ndi tsiku, idya ndithu, chifukwa mbuna sikana chakudya. Koma pakapita nthawi imayamba kulavula, imabisala pakona, imatulutsa chimbudzi choyera ngati ulusi, kenako mimba imatupa. Matendawa oweta nsomba kunja anawapatsa dzina la dziko lathu, amati Malawi bloat. Madzi akuda ndi kuzunzidwa ndi nsomba zinzake zimathandiziranso kuwayambitsa, ndipo mimba ikatupa kale nthawi zambiri nsombayo imakhala yapita.

Chakudya choyenera ndi cha m'paketi chokhala ndi spirulina, yomwe ndi mtundu wa ndere. Werengani pa paketipo musanalipire. M'magolosale a kuno simungachipeze chisawawa, ndiye otumani munthu wopita ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Paketi imodzi imakhalitsa. Apo ndi apo mutha kuwonjezera nsawawa zowiritsa, zosenda khungu n'kuzifinya, kapena tsamba la letesi lofutsa pang'ono. Nsima, buledi ndi madeya ayi. Ndikudziwa wina anena kuti alimi amadyetsa madeya makumba m'madamu. Inde, koma damu ndi lalikulu, lili ndi dothi komanso dzuwa. M'galasi madeya amangoola, madzi n'kusanduka thobwa.

Muyezo wake ndi uwu: kawiri pa tsiku, chakudya choti chithe pasanathe mphindi imodzi. Zikamakuthamangirani pa galasi ngati sizinadye sabata yonse, musamve chisoni, ndi khalidwe lawo basi. Tsiku limodzi pa sabata osazipatsa kanthu silizipha. Ndipo magetsi akazima nthawi yaitali musadyetse n'komwe, chifukwa sefa ndi pampu ya mpweya zikaima, chakudya chotsala chimaononga madzi msanga. Kapampu ka batire kapena ka sola ine ndimati kagulidwe nsomba zisanagulidwe.

Tsopano nkhani ya anzake, pomwe ambiri amaluzira ndalama. Mbuna yaimuna imasankha mwala wake kapena phanga lake n'kumalilondera. M'nyanja yogonja imangothawira kutali. M'galasi ithawira kuti? Imathamangitsidwa mpaka zipsepse kuthothoka, mawa lake mwaipeza itayandama. N'chifukwa chake kuweta ziwiri zokha, ati mwamuna ndi mkazi ngati nkhunda, ndi njira yachidule yophera imodzi. Pamafunika kagulu: yaimuna imodzi pa zazikazi 3 kapena 4, m'thanki yotalika masentimita 120, ya malita pafupifupi 200, yodzaza miyala yosanjikiza kuti pakhale mapanga ambiri. Zikakhala zambiri ukali umagawikana, palibe imodzi yomenyedwa yokha. Kabotolo kozungulira ka m'mafilimu kaja iwalani.

Musasankhe potengera kukongola kokha. Melanochromis auratus, ya mizere yakuda ndi yachikasu, yomwe kwawo ndi kum'mwera kwa nyanja konkuno, ndi yokongola zedi koma yaimuna yake ndi chigawenga. Woyamba kumene aisiye. Zofatsirapo ndi Labidochromis caeruleus yachikasu, yochokera cha ku Nkhata Bay, ndi Iodotropheus sprengerae, ya mtundu wa dzimbiri, yomwe kwawo ndi pa zilumba za Boadzulu, Chinyankwazi ndi Chinyamwezi. Ziwirizi zimakhalirana bwino chifukwa sizifanana maonekedwe. Yaimuna ikaona ina yofanana nayo mtundu ndi mizere imaitenga ngati mdani wolimbirana naye akazi, ndipo mitundu yofanana kwambiri imathanso kuberekana n'kutulutsa ana osadziwika mtundu.

Goldfish ndi guppy musaziphatikize ndi mbuna; zipsepse zawo zisanduka ndiwo, komanso goldfish imafuna madzi ozizirirapo. Aulonocara, zomwe amazitcha peacock, ndi za m'nyanja yathu yomweyi, koma zimadya tizilombo ta mumchenga ndipo n'zofatsa, ndiye chakudya chimasiyana ndipo mbuna zolusa zimazipondereza. Kamlamba kapena kakampango kamene mwana wagwira musakaponyemo poganiza kuti n'kakang'ono. Kadzakula, ndipo usiku wina kadzayamba kuchepetsa chiwerengero.

Madzi a m'nyanja yathu ndi ofunda, madigiri 24 mpaka 28, ndipo pH yake ili cha pa 8. Pa boma kutentha sikuvuta, koma kumtunda kuno June ndi July kumazizira, choncho kachipangizo koyezera kutentha kakhalepo. Mu October thanki isaombedwe ndi dzuwa la pa windo. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini: agoneni m'ndowa yosavundikira tsiku lathunthu kapena thirani mankhwala ochotsera. Sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi, osati onse. Thanki yatsopano imafuna masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya othandiza akhazikike mu sefa, ndiye musadzaze nsomba tsiku loyamba.

Mukaona yaikazi yasiya kudya, kukhosi kwatupa koma mimba ili bwinobwino, musathamangire mankhwala. Yafungatira mazira m'kamwa, ndipo imatha pafupifupi masabata atatu osadya mpaka ana atatuluka.

Za kokazitenga: Boadzulu ndi zilumba za ku Cape Maclear zili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Kugwira nsomba m'madzi otetezedwa a pakiyo ndi mlandu. Malonda a nsomba zokongoletsa amayendera chilolezo cha Dipatimenti ya Usodzi. Kampani imene Stuart Grant anayambitsa ku Salima yatumiza mbuna kunja kwa zaka zambiri m'njira imeneyo. Funsani ku ofesi ya zausodzi pa boma musanapereke ndalama kwa munthu wa chigubu pa doko. Ndipo mukatopa nazo musakazitaye mu Shire, mu Malombe kapena m'nyanja, ngakhale zitakhala mbuna zenizeni. Mitundu yambiri imapezeka pa chilumba chimodzi kapena miyala ya dera limodzi basi. Pa chilumba cha Thumbi West pali mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja zimene wogulitsa nsomba wina anazitsanulira pamenepo kalekale, ndipo mpaka lero zikulimbirana miyala ndi eni malo. Mpatseni mnzanu amene ali ndi thanki.