Dotolo Samaliza Sukulu

Mwezi watha ndinapita kukaona ambuya ena a mu mphakati mwathu amene anagonekedwa pa cipatala cina muno mu Lusaka. Anamwino anandilola kulowa m'mawa cifukwa ndinawatengera phala. Ndinapeza bedi lawo litazingidwa ndi anyamata ndi atsikana asanu ndi atatu ovala makhoti oyera, aliyense ndi kabuku m'manja. Woyamba anawagwira pa mkono, waciwiri anawamvetsera pa cifuwa, wacitatu nayenso anasendera kuti acite cimodzimodzi. Pamenepo ambuya anakoka bulangeti nati: "Ine ndabwera kudzacira, sindinabwere kudzakhala bolodi ya pa sukulu. Kaitaneni dotolo weniweni."

Ana aja anayang'anana, nacoka mwamanyazi. Dotolo wamkulu woyenera kuwatsogolera sanalipo, pakuti anaitanidwa kwa wodwala wina wamatenda akayakaya. Ine ndinawamvera cisoni ambuya, cifukwa palibe amene anawapempha cilolezo kapena kuwauza cimene cinali kucitika. Koma ndinawamveranso cisoni ana aja. Dotolo weniweni amene ambuya anali kufuna, kodi adzacokera kuti ngati awa saphunzira? Ndiye ndati lero tikambirane za mmene madotolo athu amaphunzirira, pakuti nkhaniyi imathera pa matupi athu, ife a ku Kanyama, Matero, Chawama, George, Kalingalinga ndi Mtendere.

Kumene tacokera

Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, anthu akuda amene anali ndi digiri ya pa yunivesite anali pafupifupi 100 cabe, ndipo madotolo pakati pawo anali owerengeka ndi zala. Zipatala zinali m'manja mwa madotolo ocokera kunja ndi a mishoni. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yake ya udotolo, imene iri ku Ridgeway pafupi ndi UTH, inatulutsa madotolo oyamba mu 1973. Kwa zaka zoposa 30 kucokera pamenepo, sukuluyi inali yokhayo m'dziko lonse. Ambiri mwa amene anaphunzira kumeneko anapita kukafuna msipu ku Botswana, South Africa ndi Britain, makamaka m'zaka zovuta za m'ma 1990.

Amene anasunga makiliniki a m'makomboni ndi a kumidzi nthawi yonseyo ndi anamwino, azamba ndi ma clinical officer ophunzira ku Chainama. Ife tonse timangowaitana kuti "a dotolo," ndipo sitilakwa kwenikweni, cifukwa ndiwo amene amatilandira poyamba. Mu 2002 ku Chainama kunayamba maphunziro owonjezera a ma medical licentiate, kuti clinical officer wozolowera nchito athe kucita opaleshoni ya mai amene walephera kubereka, kumalo kumene kulibe dotolo.

Lero zinthu zinasintha. Yunivesite ya Copperbelt inatsegula sukulu ya udotolo ku Ndola mu 2011. Yunivesite ya Mulungushi ili ndi yake ku Livingstone. Muno mu Lusaka muli yunivesite ya Levy Mwanawasa pa msewu wa Great East, imene inatenga koleji ya Chainama, ndiponso masukulu angapo amene si a boma. Nazo zipatala zinakula. Ndi thandizo la dziko la Japan, makiliniki a Matero ndi Chilenje anakuzidwa kukhala zipatala, kenaka anatsatira a Kanyama, Chawama ndi Chipata. Opaleshoni imene kale inafuna ulendo wa ku UTH, tsopano imacitikira pafupi ndi kwathu.

Zonsezi nzoyamika. Koma mlimi aliyense amadziwa kuti kukulitsa munda nkosavuta, covuta nkupalira. Ophunzira acuruka, koma akatswiri owaphunzitsa sanacuruke pa liwiro lomwelo. Udotolo suphunziridwa ndi maso okha. Mwana ayenera kumva ndi makutu ake kulira kwa cifuwa ca cibayo, ayenera kugwira ndi manja ake mimba ya mai wapakati, ndipo pambali pake payenera kuima wamkulu womuuza kuti apa wakhoza, apa walakwa. Ana asanu ndi atatu pa bedi limodzi, opanda wowaongolera, akhoza kutenga satifiketi koma manja awo ali osaphunzira.

Cidziwitso cimakalamba

Tsono tinene za amene anamaliza kale. Alimi anzanga, kumbukirani kumapeto kwa caka ca 2016, pamene nchembere zandonda za mtundu wacilendo zinalowa m'minda yathu ndi kudya cimanga kuyambira pa mtima. Mlimi wa zaka 40 pa munda anakhala ngati mwana, ndipo ngakhale alangizi a zaulimi anabwerera kukaphunzira. Ku cipatala nakonso zinthu zimayenda motero.

Tengani malungo. Ife a zaka zathu tinakula ndi kolorokwini, ija yowawa ndi yoyabwitsa thupi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, tizilombo ta malungo tinali titazolowera mankhwalawo, ndipo ana anali kufa atamwa mapiritsi onse bwinobwino. Mu 2002 boma linasankha Coartem kukhala mankhwala oyamba, ndipo Zambia inali pakati pa maiko oyambirira mu Afirika kucita zimenezi. Pa malungo aakulu, kwinini wa mu diripi analowedwa m'malo ndi jekeseni ya artesunate, itapezeka kuti imapulumutsa anthu ambiri. Kale thupi likangotentha munthu anali kupatsidwa mankhwala a malungo. Lero lamulo ndi lakuti ayambe apima magazi pa cala.

Tengani kalombo ka HIV. Pamene makiliniki a m'makomboni a Lusaka anayamba kupereka ma ARV mu 2004, munthu anali kudikira kuti citetezo ca m'thupi citsike kwambiri asanayambe kumwa. Amene tinali kuyendera odwala m'nyumba masiku amenewo tikukumbukira mankhwala ena oyamba aja, amene anali kufotetsa masaya ndi kucititsa dzanzi kumapazi. Anasiyidwa. Lero munthu akapezeka ndi kalombo amayamba kumwa nthawi yomweyo, ndipo ambiri amamwa piritsi limodzi pa tsiku.

Ngakhale kutsegula m'mimba kwa ana kunasintha kacizidwe. Madzi a Moyo timawadziwa kalekale, koma mu 2004 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, pamodzi ndi UNICEF analangiza kuti mwana azipatsidwanso mapiritsi a zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Zilonda za m'mimba nazo, madotolo akale anaphunzitsidwa kuti zimabwera ndi nkhawa ndi zakudya. Madotolo awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa kuti zambiri zimayamba ndi kalombo kamene kamafa ndi mankhwala, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Tsopano ganizirani munthu amene anamaliza maphunziro mu 1998, napatsidwa kiliniki, osatsegulanso buku. Ali ndi mtima wabwino, amafika pa nchito nthawi yake, koma akuciza ndi nzeru zimene anzake anazitaya kale. Mpeni wosanoledwa umabuntha, ngakhale unagulidwa wakuthwa.

Lamulo lilipo

Boma linaona zimenezi. Lamulo la 2009 linakhazikitsa bungwe la Health Professions Council of Zambia m'malo mwa Medical Council yakale. Bungweli limalemba m'kaundula madotolo ndi ma clinical officer, limayendera masukulu ndi zipatala, ndipo cikalata cololeza munthu kugwira nchito cimakonzedwanso caka ndi caka. Kuti cikonzedwe, mwini wake ayenera kuonetsa kuti wapitiriza kuphunzira, cimene iwo amacicha CPD. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawolawo limene limafuna zofananazo. Ndiponso mu 2017 Unduna wa za Umoyo unakhazikitsa ndondomeko yakuti madotolo aziphunzira ukatswiri ali pa nchito m'zipatala zikuluzikulu za m'zigawo, mmalo moti onse azidzaunjikana ku UTH. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Lamulo ndi labwino, koma likhoza kusanduka mwambo wongosonkhanitsa masiginecha. Ndaceza ndi anchito a zaumoyo a m'parishi mwathu, ndipo dandaulo lawo ndi limodzi. Maphunziro ambiri amacitikira ku mahotela, ndipo amene amapitako kawirikawiri ndi a m'maofesi, cifukwa kuli ndalama za alawansi. Amene amaona odwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa sangacoke, pakuti akacoka mzere utsala ndi yani? Motero wofunika kunoledwa kwambiri ndiye amene amatsala.

Kolera inationetsa mtengo wa zimenezi. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unakantha kwambiri makomboni a Chipata ndi Kanyama. Wina unayamba mu Okutobala 2023, unadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700 m'dziko lonse, mpaka bwalo la Heroes linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Munthu wa kolera akhoza kufa m'maola ocepa, ndipo cimene cimamupulumutsa ndi madzi operekedwa msanga ndi pa muyeso woyenera. Luso lopeza mtsempha pa mkono wa mwana wouma thupi saliphunzira tsiku limene mliri wafika. Dzenje la zinyalala timakumba mvula isanagwe.

Palinso cinthu cina cowawa. Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000, koma masukulu akutulutsa ambiri caka ciriconse, ndipo madotolo acinyamata ena akhala kunyumba kapena kugwira nchito yodzipereka popanda malipiro. Makolo anagulitsa ng'ombe ndi cimanga kuti mwana aphunzire zaka 6 kapena 7. Dotolo watsopano akakhala zaka ziwiri osagwira wodwala, zimene anaphunzira zimacita dzimbiri, pamene ku George amai akudikira pa benci kuyambira mbandakuca.

Mbali yathu

Kwa akuluakulu a boma ndi a masukulu pempho langa ndi lacidule. Sukulu isatenge ophunzira oposa amene aphunzitsi ake ndi mabedi a cipatala angathe kusenza. Akatswiri aziyendera zipatala za m'makomboni pa masiku oikika, kudzaphunzitsa pa bedi la wodwala. Maphunziro opitiriza abwere ku kiliniki komweko, ola limodzi pa sabata, ngakhale pa foni kapena pa kompyuta, pakuti njira imeneyi yayesedwa kale m'dziko muno pa nkhani za HIV. Ndipo ophunzira aphunzitsidwe kulankhula ndi odwala m'cinenero cimene odwalawo amamva. Ambuya akanati auzidwe mwaulemu kuti, "Ndife ophunzira, kodi mutilola tikupimeni?" ndikhulupirira sakanakoka bulangeti.

Ifenso tili ndi mbali. Wophunzira akakupemphani mwaulemu, mulandireni ngati mwana wanu. Muli ndi ufulu wokana, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti wamkulu womuyang'anira ndani. Koma mukamulola, mwathandiza kuumba dotolo amene adzaciza adzukulu anu. Mukapatsidwa mankhwala osiyana ndi amene munazolowera, funsani cifukwa cake, musathamangire ku kantemba kukagula akale. Safunsa anadya phula. Mukapita ku kiliniki yolipira ya mu komboni, si mwano kufunsa ngati amene akukucizani ali ndi cikalata ca caka cino. Ndipo inu amene muli m'makomiti a za umoyo a m'madera, pa msonkhano musamangofunsa za mankhwala ndi zimbudzi. Funsaninso kuti anchito a pa kiliniki yanu anapita liti ku maphunziro.

Ndili ku seminale yaing'ono, bambo amene anali kutiphunzitsa Cilatini anatiuza kuti dzina lakuti dotolo linacokera ku mau otanthauza kuphunzitsa. Ife akatekisiti timaitanidwa nthawi ndi nthawi kukakumbutsidwa nchito yathu, cifukwa wophunzitsa akaleka kuphunzira amasoceretsa anthu. Nanga kuli bwanji amene wanyamula moyo wa mnzake m'manja?

Ambuya aja anacira ndipo ali kunyumba. Tsiku lotuluka anandiuza kuti mtsikana mmodzi mwa ana aja anabwerera yekha madzulo, nagwada pambali pa bedi, napepesa, nawafunsa za kumudzi kwawo ku Petauke. Atatha kuceza, ambuya anamutambasulira mkono okha nati: "Pima, mwana wanga, uphunzire bwino."