Mpanda wa Magetsi Wochingira Mathole pa Busa

Inu eni mabanja amene muli ndi ng'ombe, mudziwa bvuto la mathole m'nyengo ya dzinja. Anyamata amene anali kuweta apita ku sukulu. Thole likatsala m'khola liima m'matope tsiku lonse, nilionda. Mukalimasula lithamangira m'cimanga ca mnansi wanu, ndipo madzulo mlandu uli kwa amfumu. Tsono tamverani za njira yina yosungira mathole pa msipu wabwino popanda mbusa.

Ciyambi cace

Mpanda wa magetsi suli cinthu ca dzulo. Mlimi wa ku New Zealand, dzina lace Bill Gallagher, anayamba kuupanga m'zaka za m'ma 1930, ndipo alimi a dziko lija aweta nao ng'ombe kufikira lero. Amene mwafika ku nkhalango za Liwonde ndi Majete mwaona mpanda wotere wochingira njobvu. Wa mathole uli mng'ono wace.

Macitidwe ace

Pali kabokosi kotenga mphamvu ku batire, ndipo batire lidzazidwa ndi dzuwa mwa sola. Kabokosiko katumiza magetsi m'waya ngati kamodzi pa sekondi iri yonse. Mphamvu yace ifika mavoti zikwi zingapo, koma ikhala kanthawi kocepa ndithu. Cifukwa cace ilasa osapha. Thole likakhudza waya ndi mphuno, magetsi apita m'thupi mwace, nalowa m'nthaka, nabwerera ku kabokosi. Limva ngati lakwapulidwa, ndipo siliiwala. Cimene ciletsa thole ndi mantha, pakuti waya wokha likhoza kuudula.

Kamangidwe

1. Zikani mitengo motalikirana mapazi 10 oyenda. Waya asakhudze mtengo. Mumkolowetse pa timapulasitiki tace, kapena pa zidutswa za paipi ya pulasitiki.

2. Kokani mawaya awiri osalala: wa m'munsi pa msinkhu wa bondo, ngati masentimita 45, wa pamwamba ngati masentimita 85. Mangirirani tinsanza toyera kuti thole liuone lisanaugunde.

3. Khomani pansi zitsulo zitatu zosacita dzimbiri, ciri conse cotalika mita imodzi kapena kuposa, zotalikirana mamita 3, pa malo a cinyezi, nimuzilumikize ku kabokosi. Mipanda yambiri ifoka cifukwa mwini wace anaumira zitsulo izi. M'cilimwe nthaka youma siibweza magetsi bwino. Thirani madzi pa zitsulozo.

4. Senga udzu wa pansi pa waya sabata ndi sabata. Udzu wonyowa ukakhudza waya uba mphamvu, ndipo mpanda usanduka cingwe cabe.

Kuphunzitsa thole

Apa ndi pamene ambiri alakwa. Thole losadziwa waya, likalasidwa koyamba, kawiri kawiri lilumphira kutsogolo, nilidula waya, nilipita. Cifukwa cace yambani m'khola la mitengo yolimba. Kokani waya wa magetsi m'kati mwace, pafupi ndi mitengoyo, nimulisiye thole linunkhize lokha. Musalikankhire ku waya, musalipirikitse. Pakapita masiku awiri kapena atatu mudzaona liri kudya pafupi ndi waya koma osaukhudza. Pamenepo liturutseni ku busa m'mawa, litakhuta, ndipo tsiku loyamba khalani pompo muliyang'anire.

Phindu lace

Mpanda uwu usunthika, ndipo phindu lalikuru liri pamenepo. Gawani busa lanu zigawo. Mathole adye cigawo cimodzi masiku atatu kapena anai, ndipo asamuke. Cigawo cija cipumule masabata anai kapena kuposa, udzu uphukenso. Mazira a njoka za m'mimba aturuka ndi ndowe, ndipo m'nyengo yofunda ndi yamvula pakapita ngati sabata tiana tace tikwera pa udzu kulindira thole. Mukasamutsa msanga, thole licoka tisanakhwime. Mathole atsogole pa msipu watsopano, ng'ombe zazikuru zitsate pambuyo. Koma mpanda suletsa nkhupakupa zobweretsa cigodola, nthenda imene itha mathole ambiri. Musaleke kusambitsa ndi mankhwala. Ndiponso m'cigawo ciri conse mukhale madzi ndi mthunzi, pakuti thole lochingidwa silikhoza kudzifunira lokha.

Macenjezo

Musalumikize waya ku magetsi a m'nyumba popanda kabokosi kace. Magetsi amenewo apha munthu ndi ng'ombe yomwe. Musaike magetsi pa waya wa minga, pakuti mwana kapena thole akakodwa alasidwa kosaleka. Mvula ya mphezi ikayandikira, zimitsani kabokosi nimucotse waya wace. Batire ndi sola zikopa akuba. Zisungeni m'bokosi lotseka, pafupi ndi mudzi.

Musanazike mtengo woyamba, pitani kwa amfumu ndi kwa anansi anu, muwafotokozere, nimusonyeze ana a m'mudzi. Mpanda usatseke njira ya ku citsime, kapena dambo limene liri la anthu onse. Mtengo wa kabokosi ukakulemerani, gwirizanani mabanja atatu kapena anai, pakuti kabokosi kamodzi kakwanira mathole a inu nonse.