Kodi AI ingaphunzitse dokotala wa ku Nkhotakota?

Chiyambireni November 2022, pamene kampani ya OpenAI ya ku America idatulutsa ChatGPT, ophunzira za udokotala apeza chida chatsopano chowerengera. Pulogalamuyi ndi imodzi mwa nzeru zoikidwa m'makompyuta zotchedwa AI, ndipo imayankha funso m'kanthawi kochepa. Mu February 2023, magazini ya PLOS Digital Health idasindikiza kafukufuku woonetsa kuti ChatGPT idapeza malikisi ofika, kapena oyandikira, mlingo wopambanira mayeso amene madokotala a ku America amalemba asanalandire chilolezo.

Kafukufuku wochitika m'sukulu za udokotala m'maiko osiyanasiyana akusonyeza kuti ophunzira ambiri akuilandira AI ndi manja awiri. Amati imawafupikitsira nkhani zazitali, imawafotokozera mawu ovuta ndi kuwakonzera mafunso oyeserera mayeso. Koma ambiri mwa iwo amadandaulanso kuti sadaphunzitsidwe mmene imagwirira ntchito, ndipo ena amaopa kuti adzazolowera kufunsa foni mmalo moganiza okha.

Kuno ku Malawi, komwe madokotala amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, chidwi choterechi n'chomveka. Akatswiri ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidavomerezanso mu 2021 kuti makompyuta azithandiza kuwerenga zithunzi za X-ray pofufuza chifuwa chachikulu mwa anthu a zaka 15 kupita mtsogolo.

Malire a chidachi amaonekera bwino m'boma ngati la Nkhotakota. Pa chipatala cha boma kapena cha St Anne's pakhoza kufika msodzi wotentha thupi, womva mutu ndi kuphwanya m'thupi. Aliyense ayamba kuganizira malungo, ndipo ndi bwino kutero. Koma midzi yozungulira nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota ili ndi ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. Mtundu wa kaodzera wopezeka m'Malawi umayamba ngati malungo, umakula msanga, ndipo umapha m'masabata kapena miyezi yochepa ngati munthu salandira mankhwala. Kuti udziwike, pamafunika kuunika magazi pa maikulosikopu.

Pulogalamu ngati ChatGPT imalumikiza mawu potengera zolembedwa zomwe idaphunzirapo, ndipo zambiri mwa izo ndi za Chingerezi komanso zochokera kumaiko kumene kaodzera sapezeka. Imayankha malinga ndi zomwe yauzidwa. Wophunzira akapanda kufunsa wodwala ngati amakawedza mu mtsinje wa Bua kapena kukatola nkhuni pafupi ndi nkhalango, yankho likhoza kulozera kwina. Choopsa china n'chakuti pulogalamuyi ikalakwitsa imayankhabe mosakayika, moti wosadziwa sangazindikire.

Njira zochizira nazonso zimasintha. Mu 2024 bungwe la WHO lidavomereza mapiritsi a fexinidazole pochiza mtundu umenewu wa kaodzera, atayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda. Pulogalamu yomwe idaphunzira pa zolembedwa zakale ikhoza kutchulabe jakisoni wa melarsoprol, mankhwala amphamvu omwe amatha kupha ena mwa owalandira.

N'chifukwa chake dandaulo la ophunzira loti sadaphunzitsidwe liyenera kumveka. Kuletsa AI sikungatheke pamene ili kale m'foni zawo. Chofunika n'kuwaphunzitsa kufananiza mayankho ake ndi ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo, kusaikamo maina a odwala, ndi kufunsa wodwala m'chinenero chake kumene amakhala ndi ntchito yomwe amagwira. Bungwe la Medical Council of Malawi limapereka chilolezo kwa munthu, ndipo msodzi wa ku Nkhotakota akapatsidwa mankhwala olakwika, woyankha mlandu ndi dokotala yemwe adawalemba.