Masiku amene kalata inkadzera kusukulu

Kumudzi kwathu, m'mapiri a ku Ntcheu kufupi ndi malire a Mozambique, kunalibe nyumba ya nambala kapena msewu wa dzina, koma makalata ankafika ndithu. Ankadzera kusukulu. Mudzi wonse unkabwereka keyala ya sukulu ya pulayimale: pamwamba dzina la mwini kalata, m'munsi mwake dzina la sukulu, nambala ya bokosi, kenako dzina la positi ofesi. Ena ankadalira keyala ya kumpingo, ena ya mwini golosale wa pamsika. Mphunzitsi akapalasa njinga kupita ku positi ankabwerako ndi mtolo wa maenvelopu womanga ndi mphira. M'mawa mwake, titatha kusesa pabwalo ndi kuimba nyimbo ya fuko, ahedi ankaima pakhonde n'kumaitana mayina a makolo athu, a agogo athu, ngakhale a anyakwawa. Mwana wa m'banjamo kapena woyandikana nawo nyumba ankatuluka pamzere, kugwada, n'kulandira ndi manja awiri. Kalatayo inkalowa pakati pa kope kuti isade kapena kunyowa, ndipo tsiku limenelo poweruka mwanayo sankapatukira kutchire kukatola masuku.

Ine ndinali mmodzi mwa ana amene ankawerengera akuluakulu makalata. Ntchitoyi sankangopatsa mwana aliyense wokhoza m'kalasi. Ankayang'ana mwana wosunga pakamwa, poti zimene zinali m'makalata zikanatha kupasula banja zitamveka kuchitsime.

Agogo anga aakazi sankatha kuwerenga, koma kalata ankaidziwa. Akangoona sitampa ankazindikira ngati yachokera ku Joni, ku Harare kapena ku Limbe kwa amalume. Masitampa akwathu anali a mbalame, agulugufe ndi nsomba za m'nyanja ya Malawi; akunja ankaonekeratu kuti ndi alendo. Kalata ikafika m'manja mwawo sankaing'amba msanga. Ankaitembenuza uku ndi uku, kuipsinja ndi zala kuti amve makulidwe ake, n'kuiyang'anitsa padzuwa kuti aone ngati muli kanthu kena kuwonjezera pa pepala. Kenako ankayala mphasa kuseri kwa nkhokwe, kuthamangitsa ana ang'onoang'ono, n'kuvula phini pa chilundu chawo kuti atsegulire envelopu m'mbali bwinobwino.

"Tawerenga iwe, koma usathamange. Mawu a munthu sathamangitsidwa."

"Chabwino agogo."

Ndikafika pamene wolemba wapereka moni kwa munthu, agogo ankayankha mokweza ngati mwini wakeyo ali pamphasa pomwepo: "Tili bwino, mwananga, tili bwino." Ndikamaliza ankati ndiyambirenso. Madzulo azakhali akabwera kumunda ndinkawerenganso, ndipo Lamulungu likafika, amalume aakulu atabwera kudzamva, kalata yomweyo inkatulukanso m'chitini. Pofika nthawi imeneyo agogo anali ataisunga pamtima, moti ndikadumpha mzere ankandibweza.

Kalata inali ndi mwambo wake, ndipo aliyense ankautsata ngakhale anasiyira sukulu Sitandade 3. Sunkayamba ndi vuto. Unkayamba ndi ulemu, kunena kuti wakondwa kupeza mpata wocheza nawo kudzera papepala, kufunsa za moyo, kunena kuti kuno tili bwino kaya inu kumeneko. Ukatero unkatchula mvula, mmene chimanga chamerera, mbuzi zimene zaswa, amene abadwa ndi amene atisiya. Cholinga chenicheni chinkabwera mochedwa, chitavala ulemu: ndalama ya msonkho, fizi ya ana, bulangete la agogo poti chisanu cha mu Juni kwathu kuno si chamasewera. Achinyamata ena sadziwa kuti sukulu ya pulayimale inali yolipira mpaka mu 1994, ndipo makalata ambiri amene ndinalemba anali a fizi yomweyo. Kumapeto kunkakhala mndandanda wa moni, wotchula munthu aliyense ndi dzina lake. Kuiwala dzina la mpongozi pa moni unali mlandu wokambirana pakhonde.

Kulembera munthu wamkulu kunali kovuta kuposa kumuwerengera. Unkazula pepala pakati pa kope kuti lituluke lathunthu, kukhala pansi, kuika kope pabondo, n'kudikira. Mayi wina wa pamudzi, amene amuna ake anali atakhala kumigodi zaka zingapo osatumiza kanthu, anandiitana tsiku lina. Anayamba ndi mkwiyo: "Lemba kuti ana ake akuyenda maliseche. Lemba kuti ngati anapeza mkazi kumeneko anene, ndibwerere kwathu." Ndinalemba. Ndiye anati ndiwawerengere zimene ndalemba. Atamva mawu awo omwe akutuluka pakamwa pa mwana, anakhala chete nthawi yaitali, akukanda pansi ndi kamtengo. Kenako anati, "Ng'amba limenelo, utenge lina. Lemba kuti ana akufunsa kuti abambo abwera liti, ndipo ine ndasowa chowayankha." Kalata yachiwiriyo ndi imene inapita.

Apa ndi pamene mtima wanga umakhala ndikamaganiza za makalata. Pakati pa mkwiyo ndi munthu wokwiyiridwayo panali pepala, cholembera, mwana wolemba, ndalama ya sitampa, ndi ulendo wa ku positi. Pa chilichonse cha izi munthu anali ndi mpata wobweza mawu. Lero mawu amachoka pakamwa n'kufika ku Johannesburg mtima usanazizire, ndipo ndaona abale akusiyana chifukwa cha uthenga wojambula pa WhatsApp umene mwini wake sanaumvere n'komwe asanatumize.

Wina angafunse kuti anthu osaphunzira kwambiri ankalemberana chiyani makalata ochuluka chonchi. Yankho lake ndi ulendo. Kuyambira nthawi ya atsamunda amuna a dziko lino ankapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, m'migodi ya mkuwa ya ku Kitwe ndi Ndola, ndiponso m'migodi ya golide ya ku South Africa. Bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi ya golide linkatchedwa Wenela, ndipo dzinali lidakalipo pa depoti ya mabasi mu Blantyre. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyi. Ulendo unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene kumudzi tinkangoti Theba, mpaka unatsekekanso mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza magazi a ogwira ntchito ochokera kuno. Zaka zonsezi mabanja ambirimbiri ankayendetsedwa ndi envelopu. Bambo ankaweruza za munda, za ukwati wa mwana wake ndi za dzina la khanda ali kukomboni ya mgodi, ndipo chigamulo chake chinkafika patapita milungu.

Ndalama nazo zinkayenda njira yomweyo. Ahedi akakupatsa kapepala kakang'ono m'malo mwa envelopu, unkadziwa kuti ku positi kuli kalata ya rejisitala kapena positi oda, ndipo mwini wake ayenera kupita yekha. Panthawiyo kunalibe chiphaso cha unzika, poti ziphaso zimenezi zinafika kwa anthu onse mu 2017. Munthu ankatenga kalata ya umboni kwa amfumu kapena kwa ahedi, kuvala zovala za kutchalitchi, n'kulawirira mbandakucha wapansi. Wosatha kusayina ankadinda chala. Pobwerera ankadzera kusitolo kugula mchere, sopo, parafini ndi shuga, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti kunyumba kwakutikwakuti kwagwa kalata yolemera. Ochenjera ankasiyako pang'ono m'kabuku ka banki ya ku positi komweko.

Positi inalinso sukulu. Amene sanasankhidwe kupita kusekondale ankalembetsa ku Malawi Correspondence College, imene inayamba mu 1965, ndipo maphunziro ankabwera m'maenvelopu akuluakulu, mayankho n'kubwerera njira yomweyo. Anyamata ndi atsikana anali ndi makalata awoawo, ojambula maluwa m'makona, ena othira paudala kuti anunkhire, ndipo amenewa sankadzera kwa ahedi ayi. Ankadzera kwa mlongo wamng'ono wolipidwa siwiti. Za ndale sankalemba. M'nthawi ya chipani chimodzi aliyense ankadziwa kuti envelopu imatha kutsegulidwa panjira, makamaka yochokera kunja, ndiye anthu anaphunzira kulemba za mvula ndi za mbuzi ngakhale pamene mtima unali ndi zina.

Pali zina za masiku amenewo zimene sindizisowa ngakhale pang'ono. Uthenga wa maliro unkachedwa. Telegalamu inalipo, yolipira liwu lililonse, motero inkabwera ndi mawu atatu kapena anayi ouma, ndipo munthu akangoiona ankayamba kunjenjemera asanatsegule. Koma telegalamu nayo inkathera pa positi kapena pasukulu, ndipo ikafika nthawi ya tchuthi inkagona m'bokosi. Ambiri ankadalira mauthenga achisoni pa wailesi ya MBC, ndipo nthawi yake ikakwana nyumba yonse inkakhala duu kumvetsera mayina a midzi ndi a mafumu. Ngakhale zinali choncho, anthu ankafika kumudzi n'kupeza manda atawuma kale. Panalinso amene makalata awo anangoleka. Chaka choyamba ankati mwina wasintha mgodi, chachiwiri ankati mwina wadwala, kenako ankangoti ndi mtchona. Mayi ake ankafa akufunsabe ana a sukulu ngati ahedi aitana dzina lawo. Foni inathetsa nkhanza imeneyi, ndipo ndimaiyamikira ndi mtima wonse.

Kusinthaku kunabwera mofulumira kuposa mmene tinkaganizira. TNM inayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, Celtel inabwera mu 1999 n'kudzasanduka Zain, kenako Airtel. Kwa kanthawi pamisika panadzaza timatebulo ta mafoni olipira pa mphindi, ndipo kumudzi munthu mmodzi wa foni ankatumikira mudzi wonse, atakwera pachulu kusaka netiweki. Airtel Money itafika mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ngakhale positi oda inasowa ntchito. Mnyamata wa ku Cape Town lero amatumiza ndalama m'mawa, masana mayi ake agula kale feteleza. Ana asukulu akuphunzirabe kalembedwe ka kalata chifukwa kamabwera pa mayeso, koma ambiri a iwo sananyambitepo sitampa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti zimene tikulankhulana lero sizikutsala. Foni imagwera m'madzi, imabedwa m'minibasi, imadzaza n'kufufutidwa, ndipo mawu onse a munthu amapita nayo. Makalata ankakhala. Ankasungidwa m'chitini cha mabisiketi kapena pansi pa sutikesi, pamodzi ndi khadi la ubatizo, malisiti a msonkho ndi chithunzi cha bambo atavala suti yobwereka ku studiyo. Amalume anga atamwalira tinapeza makalata amene mayi awo anawalembera kudzera m'manja mwa ana osiyanasiyana, ena mwa iwo a dzanja langa ndili mwana. Mmenemo muli chaka chimene dzombe linadya mbewu, muli mtengo wa thumba la chimanga, muli malire a munda wa kudambo monga anawanenera agogo okha. Mkangano wa mundawo utabuka pakati pa zidzukulu, pepala lija linawerengedwa pamaso pa anyakwawa, ndipo anthu anamva mawu a mwini munda ngakhale anali atagona kalekale.

Tsoka lake, mapepala otere akutha. Ena anakulungira fodya, ena anayatsira moto, ena chiswe chinadya, ena anatayidwa pokonza m'nyumba maliro atatha chifukwa ana anaona ngati zinyalala. Komatu ena mwa mapepalawa ali ndi ntchito lero lomwe. Makampani a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni za rand ngati chipukuta misozi kwa amene anadwala matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la m'migodi komanso chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazi kwa amene anagwira ntchito m'migodi ina pakati pa 1965 ndi 2019, kapena kwa mabanja awo ngati eni ake anamwalira. Amalawi ambiri ali m'gulu limeneli. Funso loyamba limene banja limakumana nalo ndi lakuti bamboyo ankagwira mgodi uti, zaka ziti, ndipo nambala yake ya ntchito inali chiyani. Ana ambiri amangodziwa kuti abambo anali ku Joni. Koma mwamuna wa kumigodi polemba kalata ankaika keyala yake pamwamba kapena kuseri kwa envelopu kuti yankho limupeze: dzina lake, nambala yake, dzina la mgodi ndi la komboni, ndipo chidindo cha positi chinkaonetsa chaka. Banja limene linasunga chitini chija lili ndi poyambira kufufuza. Ngati kwanu kuli sutikesi yakale pansi pa bedi la agogo, itsegulireni pamodzi eni ake adakali moyo, muwerenge mokweza, ndipo muwafunse kuti anthu otchulidwa pa moni aja anali ndani.