Miyendo Ikakana, Manja Amayendetsa

Munthu amene wapuwala miyendo chifukwa cha poliyo kapena ngozi yapamsewu kawirikawiri amauzidwa kuti za chiwongolero aiwale. Komatu galimoto imatha kusinthidwa kuti aziyendetsa yekha.

Chipangizo chofala ndi ndodo yachitsulo imene imamangidwa pambali pa chiwongolero n'kulumikizidwa ku zopondera. Dalaivala akaikankhira kutsogolo, mabuleki amagwira. Akaikokera kwa iye, galimoto imawonjezera liwiro. Popeza dzanja limodzi limatanganidwa ndi ndodoyo, pachiwongolero amamangapo kachogwirira kozungulira kuti dzanja linalo lizikhotetsa palokha. Zonsezi zimayenda bwino pa galimoto yosintha yokha magiya chifukwa ilibe kilatchi. Amene wataya mwendo wakumanja amamuikira chopondera moto kumanzere.

Ndime 20 ya pangano la United Nations la 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali imalamula maboma kuthandiza kuti zipangizo zoyendera zizipezeka pamtengo wofikirika. Dziko la Malawi lidavomereza panganoli mu 2009, la Zambia mu 2010.

Koma kutsika mtengo kusaphimbe chitetezo. Alangizi akumidzi azilimbikitsa kuti zipangizozi ziziikidwa ndi makaniko wozidziwa bwino, ndiponso kuti dalaivala ayambe waphunzira pabwalo asanalowe mumsewu. Ndodo yowotcherera mwachisawawa ikamasuka pamtsetse, palibe phazi loti liponde mabuleki.