MSUZI WA M'BOTOLO: ULESI KAPENA NZERU?

Tsiku lina pa msonkhano wa Mphakati wathu, titatha kugawana Mau a Mulungu, panabuka nkhani imene inaticedwetsa mpaka mdima. Mai wina wacikulire anadandaula za mpongozi wake amene ndi namwino. Akuti iye akaweruka amawiritsa sipageti, nathirapo msuzi wogula m'botolo, ndipo lisanathe theka la ola ana adya kale. "Kodi kumeneku n'kuphika, aphunzitsi?" anatifunsa motero. Mpongoziyo anangoweramitsa mutu. Popeza nkhani yotere ifika m'manyumba ambiri, tiyeni tiiunike bwino.

Tiyambe ndi kumene msuziwu unacokera. Cakudya ca sipageti ndi makaroni kwao ndi ku Italy, koma matimati kwao ndi ku America. Anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. M'caka ca 1692 wophika wina wa ku Naples, Antonio Latini, anasindikiza buku momwe munali kaphikidwe ka msuzi wa matimati. Mu 1810 Nicolas Appert wa ku France analongosola njira yosungira cakudya: kucitsekera zolimba m'botolo ndi kuciwiritsa m'madzi. Mu 1856 Francesco Cirio anayamba kuika zakudya m'zitini ku Turin, ndipo mu 1937 banja lina locokera ku Italy linayamba kugulitsa msuzi wochedwa Ragú mu mzinda wa Rochester ku America. Kwathu kuno zinthu zotere zinayamba kuoneka kwambiri masitolo akulu atabwera, monga Shoprite imene inatsegula ku Lusaka mu 1995.

Tisaganize kuti botolo ndi mdani wa khomo. Kum'mwera kwa Italy mabanja ambiri amasonkhana m'mwezi wa August, pamene matimati acuruka, nawiritsa msuzi wa caka conse ndi kuutsekera m'mabotolo. Kodi si nzeru yomweyo imene amai athu ali nayo pofutsa cibwabwa ndi khwanya kuti mfutso udzawathandize m'cilimwe? Ndipo ambiri a ife tikumbukira masiku amene cigayo cinali cacilendo, pamene mkazi wopita kukagayitsa ankamuona ngati wothawa mtondo. Lero ndani amunyoza?

Phindu la msuzi wogula ndi loonekeratu. Msuzi wa matimati aawisi, kuti upsye ndi kulemera bwino, ufuna theka la ola kapena kupitirira, osawerengera kutsuka ndi kudula. Wa m'botolo ungofuna kutenthetsa mphindi zisanu kapena khumi, pamene sipageti ipsya m'mphindi 8 mpaka 12. Kwa mai amene waima tsiku lonse pa nchito, nalimbana ndi minibasi pobwerera, nthawi imeneyo si yaing'ono, ndipo makala pa mbaula apulumukanso.

Koma pali zinthu zinai zoyenera kuzisamala.

Coyamba ndi mcere. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiko kunena kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza. Misuzi yambiri ya m'botolo ili kale ndi mcere wocuruka, ndipo ina amathiramo shuga. Werengani pepala la pa botolo. Pamene palembedwa "sodium", curukitsani nambalayo kawiri ndi theka kuti mupeze mcere: mamiligalamu 400 a sodium ndiwo galamu imodzi ya mcere. Ngati m'nyumba muli wodwala kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga, ici si coseweretsa. Musathire mcere wina musanalawe.

Caciwiri ndi kasungidwe. Musagule botolo limene civundikiro cake catukumuka, kapena citini cotupa ndi ca dzimbiri, pakuti cakudya ca m'katimo cingakhale citaonongeka. Onaninso tsiku lothera mphamvu. Botolo likatsegulidwa liyenera kukhala m'furiji ndi kutha m'masiku ocepa. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Pa nyengo yotere, kapena ngati mulibe furiji, msuzi wotsegulidwa uthe tsiku lomwelo. Mukaona nkhungu, tayani wonse.

Cacitatu ndi thanzi la ana. Sipageti ndi msuzi pazokha ndi cakudya copatsa mphamvu cabe, monga nsima yopanda ndiwo zokwanira. Kazingani anyezi ndi adyo pang'ono, onjezani nyemba zophika, soya, dzira, kapenta kapena nyama yogayidwa, ndipo pambali pakhale ndiwo zamasamba. Potero botolo limodzi likwanira anthu ambiri, ndipo mcere wa mbale iliyonse ucepa.

Cacinai ndi thumba. Pa nyengo imene matimati adzaza pa msika, botolo ndi lodula kuposa mulu wa matimati. Kumbukiraninso amai ogulitsa pa msika, ena a iwo Akristu anzathu, amene amalipirira ana sukulu ndi ndalama za matimati omwewo. Banja lanzeru lisunga botolo limodzi kapena awiri kuti athandize pa tsiku lothina, osati tsiku lililonse.

Tsono funso lalikulu ndi ili: nthawi imene tapulumutsayo ipita kuti? Mu Mthenga Wabwino wa Luka Woyera, mutu 10, timva za Marita ndi Maria. Ambuye sanadzudzule Marita cifukwa ca kuphika, koma cifukwa nchito zambiri zinamlanda mtendere, mwakuti analephera kukhala ndi Mlendo wake. Ngati theka la ola lija litilola kudyera pamodzi, kuona makope a ana ndi kupemphera Korona tisanagone, botolo lacita nchito yabwino. Koma ngati aliyense atenga mbale yake nakakhala payekha ndi foni m'manja, tapulumutsa nthawi ndi kutaya banja.

Kwa inu azibambo ndi anyamata, msuzi umenewu wakucotserani podzikanira. Palibe mwamuna amene angalephere kuwiritsa madzi ndi kutsegula botolo pamene mkazi wake wacedwa ku nchito kapena wadwala. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu apongozi, yesani mwana wanu ndi cikondi cimene aonetsa pa banja, osati ndi utsi umene walowa m'maso mwake. Ndipo inu amai acitsikana, musalole kuti ana anu akule osadziwa kutendera cibwabwa kapena kukazinga matimati ndi anyezi. Mai wacikulire uja ndi mpongozi wake tinawapempha kuti pa Loweruka aziphika pamodzi ndiwo zakwathu, adzukulu ali pambali kuphunzira, ndipo pakati pa sabata botolo lithandize popanda mau onyoza. Onse awiri anavomera, ndipo tinatseka msonkhano ndi pemphero.